Mutu 6: Lezala pa Pulosesa ya Wara

1. Kabokosi ka m'masokosi

Ine za makompyuta sindizidziwa. Ndimagulitsa api, chakumwa chotentha cha chimanga, ndi timikate tokazinga totchedwa mapasitelo ku Ceja, kuno ku El Alto, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litakwera, ndipo ndikafika pakhomo mapazi amakhala atatupa ngati mabanzi. Koma nkhani iyi inachitikira patebulo langa lodyera, ine ndikuona. Ndiinena mmene inayendera. Amene ali ndi lezala m'thumba amve.

Wara, mwana wanga wamkazi, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amafuna kudzajambula mapulani a nyumba, ndipo akuti mapulani a masiku ano sajambula ndi pensulo. Kwa chaka chathunthu anakhala akutolera zipangizo za kompyuta chimodzichimodzi ku msika wa 16 de Julio. Mwezi uno bokosi lachitsulo, mwezi winawo bolodi, kenako tinthambo tosawerengeka. Zonse ankasunga pansi pa bedi.

Chinatsala chimodzi, pulosesa. Ndi kanthu kofanana ndi bisiketi, pamwamba pali chivundikiro chachitsulo, pansi ndi pobiriwira. Akuti kameneko ndi komwe kamaganiza.

Mchimwene wake Grover amasoka mathalauza ku São Paulo, kunja kwa dziko lino. Papita zaka zitatu tisanamuone, ndipo chaka chino analonjeza kuti abwera kudzavina pa chikondwerero cha Kanavali. Sanabwere. Kunabwera mayi wina wa ku Viacha, atanyamula kabokosi kokulungidwa m'masokosi awiri aubweya. Munali pulosesa ija.

"Akuti muuze mlongo wake kuti tikiti yake ya basi ndi imeneyi," anatero mayiyo.

Wara anakumbatira masokosi aja. Ine ndinalowa kukhitchini kukadula anyezi amene sindinkawafuna.

Grover ataimba foni ananena chinthu chimodzi.

"Lachiwiri la ch'alla, mukamathira mowa pa zonse zimene mwapeza chaka chino, ndidzaimbanso. Ndikufuna ndidzaione itayaka, mutaiveka maluwa ndi timapepala. Wamva, kachitsotso iwe?"

"Ndamva, telala wa mathalauza opindika," anatero Wara.

Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi.

2. Madigiri 99

Lamlungu masana Wara analanda tebulo.

"Amayi, musakhudze kanthu."

"M'nyumba mwanga ndisakhudze kanthu?"

"Mpaka nditamaliza."

M'nyumba mwanga muli lamulo limodzi: chinthu chatsopano sichichoka m'pulasitiki. Masofa anga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma mutawavundukula mungaganize kuti abwera dzulo. Limoti ya TV ili m'pulasitiki. Chithunzi cha malemu bambo awo chili m'pulasitiki. Fumbi la El Alto lilibe chibale.

Choncho zinandipweteka mutu kuona mwana akusenda chilichonse n'kumataya pansi. Atatuluka kukabwereka sikuludiraiva kwa aneba, ndinakonzako pang'ono monga ndimachitira. Ndinatola zimene anagwetsa, ndinabwezera chilichonse pamalo pake.

Atabwerako anaika pulosesa pabolodi mosamala ngati akugoneka khanda. Anafinyirapo phala lotuwa, kadontho ngati nsawawa, ndipo kachubu kake kanathera pomwepo. Kenako ananyamula choziziritsa, chitsulo cha mapiko ambiri chokhala ndi fani.

"Fulumira, supu ikuzizira," ndinatero.

Anachikhazika pamwamba, anamanga, anadina batani.

Inayaka. Wara anavina kuzungulira tebulo, nandikoka ine ndi mapazi anga otupawo. Ndinavinako pang'ono, sindikana.

Chisangalalo chinatha supu isanathe. Atangotsegula pulogalamu yake ya mapulani, fani inayamba kulira ngati minibasi yokwera chitunda kuchokera ku La Paz. Pakona pa sikilini panali nambala. Inafika 90. Inafika 96. Inafika 99. Kenako kompyuta inazima yokha.

Anayatsanso. Inazimanso.

"Yafa?" ndinafunsa.

"Ikudziteteza. Ikutentha kwambiri."

"Kuno? Kumene madzi amauma m'ndowa?"

Sanaseke.

3. Danitza abwera ndi nzeru

Lachiwiri kunabwera Danitza, mwana wa mkulu wanga Remedios. Amasiyana ndi Wara chaka chimodzi, ndipo amathandiza amayi ake pashopu yawo ya fotokope pafupi ndi yunivesite. Danitza ndi mwana wabwino. Vuto lake n'lakuti akaonera vidiyo imodzi, amakhala dokotala.

Awiriwa anakhala pamasofa anga mitu itagundana pafoni. Ndinamva mawu a mnyamata wina akulankhula mothamanga.

"Waona?" anatero Danitza. "Vuto lili mkati. Pansi pa chivundikiro anapakamo phala lachabechabe. Ukachotsa chivundikiro n'kupaka labwino, imatsika madigiri makumi awiri. Mphindi zisanu zokha."

"Nanga ikaonongeka?"

"Ya uyu yaonongeka? Taona, akumwa khofi uku akudula."

Lachitatu, ndikufuna singano m'kabati, ndinapeza paketi ya malezala.

"Wara, tabwera kuno. Wamera ndevu?"

Anandifotokozera. Chivundikiro anachimata ndi guluu wakuda m'mbali. Umalowetsa lezala pakati pa chitsulo ndi pobiriwira paja, n'kumadula guluuyo pang'onopang'ono mpaka chitachoka.

"Ukufuna kudula chimene mchimwene wako watumiza."

"Ndikufuna kuchichiritsa, amayi. Lachiwiri aimba. Ndimuonetsa chiyani, kompyuta yokomoka?"

"Ine sindikudziwa ngati ukunena zoona kapena zamisala, ndipo ndatopa. Mawa ndi tsiku la msika. Tipita kwa a padrino ako. Akavomera, udule. Mpaka nthawi imeneyo lezala ligona m'thumba la epuloni yanga."

4. Chakufa sichidandaula

A don Eleuterio ndi amene anameta Wara tsitsi loyamba ali khanda, ndiye iye amawatchula padrino, ine ndimawatchula kompadre. Anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako ma TV, tsopano makompyuta. Ali ndi benchi kumapeto kwa mzere wa zamagetsi, pansi pa lona wabuluu.

Linali Lachinayi la makomadre, tsiku limene azimayi amakondwerera ubwenzi wawo Kanavali isanayambe. Msika wonse unali timapepala ndi mabasiketi a zipatso, azimayi akukumbatirana pakati pa njira. Tinavutika kudutsa.

A kompadre anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Wara atamaliza anatulutsa mpango m'thumba. Munali mapulosesa awiri akale, zivundikiro zake zili pambali.

"Ndaphunzira kale, padrino. Awa ndinatola m'bokosi la zotaya, ndawatsegula Lachiwiri lomwe lija. Taonani, palibe pokandika."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti m'paketi muja munali mutachoka kale lezala limodzi.

A kompadre anawatembenuza. "Dzanja uli nalo," anatero.

Wara anandiyang'ana ngati wapambana mlandu.

"Anali amoyo?" ndinafunsa.

"Anali akufa kale, amayi. N'chifukwa chake ndinaphunzirirapo."

"Ndiye wadziwa bwanji kuti sunawaphe? Chakufa sichidandaula."

A kompadre anaseka mpaka kutsokomola. "Komadre, mukanabwera kudzakhala pabenchi pano, ine ndikanapita kukagulitsa api."

Anawerama n'kutulutsa kompyuta yakale yopanda bokosi, imene amayesera zinthu. Anayatsa. Pasikilini panatuluka zilembo zoyera.

"Waona kuti ndi yamoyo? Ndi nkhalamba ngati ine, palibe amene angaifune, koma ikupuma. Tsegula pulosesa yake. Usathamange, tsiku lilipo."

Ndinapereka lezala. Wara anakhala pampando wa a padrino ake n'kuyamba. Sanathamange. Ngodya yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Lilime linali kunja ngati mmene ankachitira akuphunzira kulemba. Patapita nthawi chivundikiro chinanyamuka. Mkati munali kagalasi kakuda konyezimira, kochepa ngati chikhadabo.

"Bwino kwambiri," anatero a kompadre. Anapaka phala, anabwezera chivundikiro, anaika pabolodi, anadina.

Fani inazungulira. Sikilini inakhala yakuda.

Anadinanso. Yakuda.

"Mwina sinakhale bwino, padrino."

"Ika wekha."

Anaika yekha kawiri. Yakuda.

A kompadre anaitulutsa, anachotsa chivundikiro, anam'patsa galasi lawo lokulitsa zinthu. Wara anafufuza nthawi yaitali. Kenako anaima. Anandipatsa galasilo kuti nane ndione. Pobiriwira paja, pafupi ndi ngodya yachitatu, panali kamzere kowala, kochepa kuposa tsitsi.

"Kameneka basi?" ndinafunsa.

"Kameneko basi, komadre."

5. Mawu a padrino

A kompadre anavula magalasi n'kuwapukuta ndi juzi. Akatero mumadziwa kuti alankhula nthawi yaitali.

"Mwanangu, tamvera. Pobiriwira apa si pulasitiki wamba. Mkatimo muli misewu yamkuwa yosanjikizana, yambiri kuposa misewu ya El Alto yense, ndipo uliwonse uli ndi kopita. Ukadula umodzi, sungaulumikize. Ine ndalumikiza nthambo zaka makumi anayi, koma uwu sindingathe. Palibe amene angathe mumsika muno.

"Chachiwiri, taona timiyala iti tozungulira kagalasi. Mapulosesa ena ali nato m'mphepete momwe mumadutsa lezala. Kamodzi kakathothoka sumva n'komwe. Umadzakapeza patebulo ukusesa, n'kumayesa kambewu ka kinuwa.

"Chachitatu, si onse amene anamatidwa ndi guluu yekha. Ena chivundikiro anachiwotcherera ku kagalasi ndi chitsulo chosungunula. Ukakanula mwamphamvu, kagalasi kamatsatira chivundikiro, theka uku theka uko. Kunja amaoneka ofanana. Yako ndi ya mtundu uti?"

Wara anapukusa mutu.

"Sukudziwa. Mnyamata wa muvidiyo uja sanakuuze, chifukwa iye anali ndi ina m'kabati. Amene zawakanika sajambula vidiyo, mwanangu. Amabwera kuno ndi mpango ngati wakowu, n'kumati, 'Don Eleuterio, inangozima yokha.' Ine ndimangoona guluu wodulidwa, n'kuwapepesa. Kumene inagulidwa sangailandirenso. Ukangotsegula, iwo sakudziwanso.

"Sindikuti palibe amene amachita. Alipo. Ali ndi chida chake chokankhira, osati lezala la ndevu, ndipo amachita pa chinthu chimene akachitaya sagona ndi njala. Amayamba atathana ndi zina zonse. Iwe ndi kompyuta yako yoyamba. Munthu mutu ukamupweteka sayamba ndi kung'amba chigaza. Amayamba wavula chipewa."

"Koma ikutentha, padrino."

"Kuno zonse zimatentha kuposa mmene mabuku amanenera. Mpweya wathu kuno kumapiri ndi wopyapyala. Fani imapalasa koma imatunga pang'ono, ngati kumwa supu ndi foloko. Kompyuta ya kuno imakhala yofundirapo kuposa ya kuchigwa ku Santa Cruz, ndipo umangoizolowera. Koma 99 si mpweya wokha. Pali china, ndipo kawirikawiri chimakhala chopusa."

Nthawi yomweyo anandigwira kumbuyo a komadre anga a doña Felipa, ogulitsa mabulangete, ndi anzawo awiri. Anandithira timapepala m'mutu, anandiveka nkhata, anandikokera kumbali kuti ndilawe kapu imodzi. Zimene a padrino ndi mwana wawo anafunsana pamenepo ndinadzazimva pambuyo pake. Akuti anafunsa kuti, "Kapulasitiki ka pansi pa choziziritsa unachotsa?" Wara anayankha kuti, "Ndinachotsa ndi dzanja langa, padrino. Ndicho chinali choyamba."

Ndikanamva, nkhani ikanathera pomwepo.

Nditabwerera ndinapeza akum'patsa kachubu katsopano ka phala lotuwa.

"Masula choziziritsa, upukute, upake bwino, umangenso. Yamba ndi zimenezo. Za lezala sindikuletsa, pulosesa ndi yako. Ndakuonetsa zimene ndikudziwa."

Anam'patsanso nkhalamba yakufa ija. "Tenga. Ndi yako nayonso. Waipha ndiwe."

6. Loweruka

Lachisanu Wara sanakhudze kompyuta. Ankangotembenuza nkhalamba ija m'manja. Ine ndinaganiza kuti zatha.

Loweruka ndinabwera kuchokera ku Ceja dzuwa lili pamutu, ndowa za api kumsana. Ndinapeza bokosi lili chotsegula patebulo. Choziziritsa chinali pambali, atachiimika mmene anachichotsera. Pulosesa ya Grover inali pansalu yoyera. Danitza anaima ndi foni m'mwamba, wokonzeka kujambula. Paketi ya malezala inali patebulo, ndipo thumba la epuloni yanga yakale, imene ndinaipachika kuseri kwa chitseko, linali lopanda kanthu.

"Azakhali, mwafika nthawi yabwino," anatero Danitza. "Mukhala mboni."

"Ndikudziwa pamene ndinalakwitsa, amayi," anatero Wara osandiyang'ana. "Pangodya yachitatu ndinapendeketsa lezala. Ulendo uno sindipendeketsa. Ndafufuzanso, yangayi ndi ya guluu."

"A padrino ako anati uyambe ndi phala."

"Phala limatsitsa madigiri atatu kapena anayi. Ine ndikufuna makumi awiri. Kwatsala masiku atatu."

Ndikanatha kulanda. Dzanja langa limanyamula ndowa ziwiri, lezala silikanandivuta. Koma mawa ndikanapitanso ku Ceja, ndipo malezala amagulitsa pakona iliyonse.

Ndinatsitsa ndowa. Ndinakhala pampando, ndinavula nsapato.

"Dula," ndinatero. "Koma ndiyambe ndalankhula, chifukwa nditopa kulankhula pambuyo.

"Mchimwene wako amasoka thalauza limodzi kambirimbiri patsiku, mwendo wakumanzere wokhawokha, wina amasoka wakumanja. Amagona m'chipinda chomwecho chimene muli makina. Chaka chatha singano inamulowa pachala, anamanga kansanza n'kupitiriza. Iwe sanakuuze, anauza ine. Ankayenera kukhala pampando uwo Lachiwiri, akudya nkhumba yowotcha, ine ndikumukalipira za tsitsi. Anasankha kuti pampandopo pakhale kanthu ako aka.

"Ukakaononga sadzakukalipira. Ndimam'dziwa. Adzaseka, adzati, 'Usadandaule, kachitsotso, ndikutumizira ina.' Ndipo adzatumizadi. Ndiye Kanavali ya chaka chamawa sadzabweranso.

"Iye sanati akufuna kuona nambala yaing'ono pakona. Anati akufuna kuona itayaka. Ikayaka mphindi zisanu n'kukomoka, adzaona mphindi zisanu. Ndamaliza. Danitza, tandipatsa beseni ilo ndiviike mapazi."

Danitza anabweretsa beseni ndi dzanja limodzi, foni osaitsitsa.

Wara anatenga pulosesa. Anaika nsonga ya lezala pangodya yoyamba, pamene chitsulo chimakumana ndi pobiriwira. Mwana ameneyu dzanja ali nalo, a padrino ake sananame.

Ine ndinayang'ana mapazi anga m'madzi.

Ndinamva kachitsulo kakugwera patebulo. Linali lezala.

"Zimitsa foni, Dani."

"Iwe, usandichititse manyazi. Ndauza kale anthu kuti vidiyo ikubwera."

"Auze kuti wojambulidwa wathawa."

"Wamantha iwe. Mtima wa nkhuku. Nkhalamba imodzi yakuopseza ndi galasi."

"Eya. Nkhuku yake ili ndi pulosesa yamoyo."

Danitza anatola chikwama chake. "Ine ndikanatsegula maso ali chitsinzinire," anatero ali pakhomo. "Tsalani bwino, azakhali. Mwalera sisitere."

Chitseko chitatsekeka, Wara anabwezera pulosesa pabolodi. Anapukuta phala lakale pamwamba pake ndi kansalu, kenako anatembenuza choziziritsa kuti apukutenso kunsi kwake.

Anaima.

Anakanda ndi chikhadabo pangodya. Chinachake chinanyamuka, chopyapyala, chokwinyika ndi kutentha, chopakika phala lotuwa. Anachikoka chonse n'kuchiimika pakuwala kwa windo. Kanali kapulasitiki koonekera, kokhala ndi zilembo zofiira zachizungu.

"Ndinakachotsa," anatero pang'onopang'ono. "Ndikukumbukira. Ndinakataya pansi apa."

Madzi a m'beseni anandizizira mwadzidzidzi.

7. Lamulo la m'nyumba mwanga

"Kali ndi zilembo zofiira?" ndinafunsa, ngati sindikuona.

"Amayi."

"Chitsulocho chinali chonyezimira ngati kalilole, chili pamtunda, fumbi likulowa pawindo. Iwe unali kwa aneba."

"Amayi."

"Ndinakatola pansi, ndinakapukuta, ndinakamatanso bwinobwino. Sindinasiye ngakhale kathovu."

"Zilembozi zikuti chotsani musanagwiritse ntchito."

"Ine chizungu ndinaphunzira kuti?"

Anandiyang'ana. Ndinayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanakhala koyenera. Ndinaona lezala lili patebulo, ndinaona pulosesa ya mwana wanga, ndinaona kuti pakati pa ziwirizi panatsala mpata wochepa kuposa tsitsi, chifukwa cha ine ndi mapulasitiki anga.

"Pepa, mwanangu," ndinatero. Mawu amenewa sindiwatulutsa kawirikawiri, anatuluka ndi dzimbiri.

Wara anakhala pansi pafupi ndi beseni, kapulasitiki kali m'manja. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ankaseka, misozi ikutsika.

"Munaiveka juzi, amayi. Sabata yonse yakhala ikuthamanga itavala juzi."

"Kuno kumazizira," ndinatero, ndipo nane ndinayamba.

Anatsamira mutu pabondo langa. Ndinam'chotsa timapepala ta Lachinayi timene tinali tidakali m'tsitsi. Tinakhala choncho mpaka madzi anazizira zenizeni.

Kenako anadzuka. Anapaka phala la a padrino ake, anakhazika choziziritsa, anamanga zomangira zinayi mopingasa, pang'onopang'ono. Ulendo uno sindinanene za supu.

Anayatsa, anatsegula pulogalamu ya mapulani. Tonse tinayang'ana pakona. Nambala inafika 60. Inafika 68. Inafika 73. Inaima pamenepo.

"Ndi bwino?" ndinafunsa.

"Kwa kuno ndi bwino. Ikumwa supu ndi foloko, koma ikukhuta."

8. Lachiwiri la ch'alla

Tinadzuka ndi phokoso la makombola m'misewu yonse. Ndinathira mowa pangodya zinayi za nyumba, ndinathira pa ndowa zanga za api, ndinamwaza maluwa ndi shuga wamitundu pakhomo. A kompadre anabwera ndi nkhata yamapepala, naikulunga pabokosi la kompyuta ndi manja awo.

Nditayandikira ndi botolo, Wara anaima kutsogolo atatambasula manja.

"Pamiyendo ya tebulo pokha, amayi."

"Kadontho kamodzi pamwamba, kuti Pachamama, mayi wa nthaka, aidziwe."

"Aidziwira pamiyendo. Mwaithandiza kale mokwanira."

A kompadre anatsokomolanso. Nkhani ya juzi anali ataimva, ndipo ndikudziwa kuti pofika Lachinayi mzere wonse wa zamagetsi udzakhala utaimva.

Grover anaimba masana. Sanaonekere pafoni. Anaonekera pasikilini yaikulu ya kompyuta, nkhope yonse, mpaka ndinaona kuti waonda ndipo tsitsi silinametedwe. Kumbuyo kwake makina anali chete.

"Ikuyenda?" anafunsa.

"Ukuonekera pa iyoyo, telala."

Anapukuta mphuno ndi dzanja la chala chija.

"Sinavute?"

Wara anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Inafunda pang'ono," anatero. "Tinaivula juzi."

Atatsazika, ndinatenga limoti ya TV. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinang'amba pulasitiki yake n'kuiponya m'moto. Mabatani anali ofewa, sindinkadziwa. Masofa ndinawasiya. Munthu sasintha zonse tsiku limodzi.

Ndikupakula nkhumba, ndinakumbukira malezala. Ndinati ndiwataye asanavulaze wina. Ndinafuna patebulo, m'kabati, m'thumba la epuloni.

"Wara, paketi ija unaika kuti?"

"Sindinaikhudze. Ndimayesa munatenga ndinu Loweruka."

Tisanayang'anane n'komwe, wina anagogoda. Sikunali kugogoda kwa mlendo wa chikondwerero. Kunali kwapansipansi, kawiri.

Wara anatsegula. Anali Danitza, wopanda foni, wopanda kapepala ngakhale kamodzi m'tsitsi. Chala chake chachikulu chinali chomangidwa kansanza. M'manja anafumbata mpango.

"Amayi apita ku Copacabana, abwera Lachinayi," anatero osalowa. "Ndi pulosesa ya kompyuta yaikulu ya pashopu, imene muli mabuku a ophunzira oti asindikizidwe sabata ino. Ndimangofuna kukuonetsa kuti n'zosavuta."

A kompadre anaika foloko pansi. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi.

"Lowa, mwanangu," ndinatero. "Yamba wadya. Mpangowo ika patebulo."